Chipinda cha Pamwamba pa Ngalande

Ku Limbe, kumunsi kwa msika, kuli nyumba ina yakale yosanjikiza imene anthu amangoti kwa Msowoya. Pansi pake pali mashopu anayi ndi khonde lalitali la matelala, pamwamba pali maofesi a anthu ovala mataye. Kuseri kwake, pakona pa bwalo, panali kachipinda ka njerwa ka zenera limodzi. M'menemo ndi mmene a Gervazio Alufazema ndi akazi awo a Jenifer anakhala zaka makumi atatu ndi chimodzi. Mwana wawo Ethel anabadwira momwemo, anakulira momwemo, n'kukwatiwa kuchokera momwemo. Kunja kwa kachipindako analibe malo ena alionse m'tauni muno oti n'kuwatcha kwawo.

Ntchito ya a Gervazio inalibe dzina. Sanali mlonda, sanali pulambala, sanali wamagetsi, koma paipi ikaphulika, fyuzi ikapsa, kiyi akathyokera m'loko, dzina lomveka pabwalo linali lawo. Anachokera ku Nsanje ali mnyamata wa ndevu zongomera kumene, n'kuyamba ndi kusenza matumba a chimanga pamsika. A Msowoya, eni nyumbayo, anawaona tsiku lina akutsegula ngalande ya pamsewu ndi manja popanda wowatuma, basi n'kuwalemba ntchito pomwepo. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wosalankhula pawiri. Lamlungu lililonse ankapita ku Misa yoyamba atavala jekete lomwelomwelo labulauni, limene m'kupita kwa zaka linayamba kuwakulira.

Koma ntchito yawo yeniyeni inali pansi pa bedi. Kale, nyumbayo isanamangidwe, pamalopo pankadutsa kakhwawa. Amisiri a nthawi imeneyo anakatsekera m'ngalande ya njerwa yofika m'chiuno mwa munthu, n'kumanga nyumba pamwamba pake. Polowera m'ngalandeyo panali pamodzi pokha, dzenje la chivindikiro chachitsulo pakona pa bwalo. A Msowoya anali munthu amene sankalola kuti malo ngakhale okwana mphasa angokhala chabe, ndiye anamanga chipinda cha wantchito pamwamba penipeni pa dzenjelo. Tsiku lopereka kiyi sanazungulire.

"Dzenjeli uzilisamala, ndipo usauze munthu," anatero. "Akuluakulu a mzinda akamva kuti pamwamba pake pakugona anthu, chipindachi chigwa, iwe ubwerera kwanu."

Choncho chaka chilichonse, Okutobala akafika, a Gervazio ankadikira Lamlungu mashopu atatseka. Akabwera ku Misa ankavula jekete, kukoka bedi, kupinda mkeka, kutukula chivindikiro ndi mgwala, n'kutsikira kumdima ndi tochi, kakhasu ndi ndowa. A Jenifer ankakhala pamwamba atagwira chingwe, kumakoka ndowa yodzaza mchenga, majumbo, mabotolo, zitsononkho, chaka china mpaka galu wakufa. Malamlungu atatu, ntchito yatha. Mvula ikabwera, mashopu a anzawo ankasanduka madambo, eni ake n'kumakapa madzi ndi mabeseni, koma kwa Msowoya kuli gwa. Matelala ankanong'onezana kuti Msena ameneyu ali ndi kanthu, amamanga madzi. A Gervazio, Mkatolika wa kolona m'thumba, sankavomera, koma sankakananso. Tinene zoona, kuopedwako ankakukonda.

A Msowoya atamwalira, nyumba inagwera m'manja mwa mwana wawo wamkazi, Tionge, amene anabwera kuchokera ku Joni ndi maganizo odzaza sutikesi. Anali mwana wabwino, zimenezo palibe angakane. A Gervazio anamuberekapo kumsana ali wakhanda, ndipo iye ankawatchulabe kuti ankolo. Koma mwana wabwino akafuna kukonza zinthu ndiye woopsa, chifukwa sungamukwiyire. Shopu ina yapakati anaisandutsa malo omwera khofi. Bwalo lakuseri, limene kale linali la dothi ndi mtengo wa mapeyala, analithira simenti lonse kuti paziima magalimoto. Kenako anabweretsa injiniya wachinyamata, dzina lake Kingsford, wa tepi m'chiuno ndi kompyuta kukhwapa, kuti ajambule pulani ya mapaipi ndi mawaya onse a nyumbayo.

"Ankolo, chilichonse chimene chili m'mutu mwanumo tikufuna chikhale pa pepala," anatero Tionge. "Mawa mukadwala, ife tidzatani?"

A Gervazio anamva bwinobwino. Amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma sanena kuti kalumoko kameta ndani. Anayamba kumuonetsa Kingsford zinthu pang'onopang'ono, monga mmene munthu amagawira mnansi mchere: lero potsekera madzi, mkuja waya wodutsa kudenga. Mnyamatayo ankalemba zonse, ndipo tsiku lililonse a Gervazio ankaweruka akumva kuti achepako. Za dzenje sananene. Kingsford anafunsa kawiri konse kuti madzi a pabwalo akalowa pa sefa yachitsulo amathera kuti, iwo n'kungoloza chakumunsi ndi milomo.

Chithunzi chinafika pakati pa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Chinali chachikulu ngati chitseko chogoneka, chokutidwa m'bulangete, ndipo Tionge anaitana a Gervazio kuti achikoloweke pakhoma la malo a khofi aja. Anakhoma misomali, kuchikweza, n'kubwerera m'mbuyo kuti aone ngati chawongoka. Apo m'pamene anachiona bwino.

Pakati pa chithunzicho panali munthu wogwada bondo limodzi m'mphepete mwa dziwe, mutu chagada, kukamwa kuli yasa. Mbali zonse anamuzinga anthu a mikondo, ochuluka moti akumbuyo anangosanduka timitu takuda ngati nyerere pa fupa. Pamwamba pawo panalendewera mtambo wofiirira, wolemera, wotenga theka la chithunzi chonse. Mikondo itatu inali italowa kale m'nthiti mwa munthuyo. Dzanja limodzi analikweza ngati akukankha mtambowo, ndipo m'chiuno anamanga nsalu yofiira.

"Mwamuzindikira?" anafunsa Tionge akumwetulira. "Ndi Mbona, wa kwanu. Ndagula kwa wojambula wina wa ku Naperi. Taonani mphamvu, ankolo. Munthu mmodzi, gulu lonse la nkhondo la mfumu, koma akulimbana nalo mpaka mapeto. Ndikufuna aliyense wolowa muno aziona kuti munthu sugonja."

A Gervazio akanangoti chabwino mayi n'kunyamula hamala yawo, bwenzi nkhani itathera pomwepo. Koma mayi awo owabala anali a kufupi ndi nkhalango ya Khulubvi, kumene anthu amakapempha mvula kwa Mbona, ndipo nkhaniyi anachita kuiyamwira. Zimene zinali pakhomapo zinawayabwa.

"Wojambulayu kwathu sanafikeko," anatero.

"Bwanji?"

"Choyamba nsaluyo. Kumeneko chofiira sichiyandikira n'komwe, anthu amavala zakuda. Chachiwiri mikondoyo. Mmene ankatiuzira ife, chitsulo sichinamulowe munthu ameneyu. Mfumu inamuda chifukwa mvula inkamvera iyeyu. Inatuma anthu, anamuthamangitsa mapiri ndi madambo mpaka anamupeza. Analasa, mikondo inapindika. Anatema, nkhwangwa zinabuntha. Tsiku lonse lathunthu, mpaka manja awo anachita matuza."

"Ndiye anafa bwanji?"

"Anawauza yekha. Anati, mukuvutikiranji, tengani tsamba la bango mundicheke nalo pakhosi. Anathyola tsamba m'mbali mwa dziwe momwemo n'kumucheka. Magazi akewo ndiwo anasanduka mtsinje."

Tionge anayang'ana chithunzi chake nthawi yaitali, kapu ya khofi ikuzizira m'manja.

"Nde nkhaniyo ndi yoposa chithunzichi," anatero. "Koma anawauziranji? Akanangokhala chete, si bwenzi atatopa n'kubwerera?"

A Gervazio anatola hamala yawo. Nkhaniyi anaidziwa asanayambe n'kuvala kabudula, koma funso limenelo sanalimvepo, pakuti kumudzi ana safunsa zoterozo. Anatola misomali yotsala n'kutuluka.

Funsolo linawatsatira mpaka pakhonde, pamene pankakhala mnzawo wakalekale, Che Alidi, telala amene anapalasa makina amodzimodzi kuyambira a Gervazio asanabwere m'tauni. Che Alidi, poti anali Msilamu, zithunzi za anthu sankazikonda, ndiye anakana kulowa kukachiona. Anangomvera nkhaniyo, mapini ali kukamwa.

"Ameneyo anali wopusa," anagamula atalavula mapini aja m'dzanja. "Ine munthu akandifunsa kuti kolala ndimaidula bwanji, ndimamuuza kuti ndi Mulungu. Chimene chikukudyetsa suuza munthu, achimwene. Ngakhale mkazi wako umamuuza theka."

A Jenifer anaona zina. Anali mayi wowonda, wa mawu ochepa koma olasa, amene ankawotcha mbatata pageti n'kumagulitsa kwa anthu a m'maofesi.

"Anatopa," anatero akutembenuza mbatata pa mbaula. "Munthu ukathamangitsidwa nthawi yaitali, tsiku lina umangofuna zithe. Koma inu mukufunsiranji za Mbona? Okutobala akutha, m'dzenje simunalowemo."

Zinali zoona. Chaka chimenecho a Gervazio ankazengereza. Chichokereni nyengo yozizira, pachifuwa pawo pankathina, ndipo pokwera masitepe a kumaofesi ankaima pakati n'kumanamizira kuyang'ana mng'alu pakhoma. Koma dzenje silidikira chifuwa cha munthu. Lamlungu lotsatira anakoka bedi.

Atangoponda pansi anadziwa kuti zinthu sizili bwino. Zaka zonse mwezi umenewo m'ngalandemo munkakhala mchenga wouma, koma tsiku limenelo madzi akuda anawafika m'mawondo, osayenda, onunkha. Anawerama n'kuyamba kulowera chakunyumba, tochi ataluma kukamwa. Atayenda mapazi ngati makumi awiri anagunda khoma pamene panalibe khoma. Denga la ngalande linali litagwa. Malole a miyala ndi simenti amene anakhala akuima pabwalo miyezi iwiri yonse anali ataphwanya njerwa zakale zija, ndipo njerwazo, dothi ndi mizu ya mtengo wa mapeyala wodulidwa uja zinatseka njira yonse, kusiya kampata kongokwana mkono.

Anakumba ndi kakhasu. Njerwa imodzi ikachoka, ziwiri zinkagwa kuchokera pamwamba. Ina inawapala phewa mpaka magazi. Mpweya unayamba kuwathera, maso n'kuchita chidima, ndipo anabwerera chafutambuyo mpaka padzenje, pamene a Jenifer anachita kuwakoka ndi chingwe cha ndowa. Anagona pa simenti nthawi yaitali akupuma ngati mvukuto. Anachita mantha, mantha enieni, amene anali asanawamvepo chibwerereni m'tauni.

"Pamenepa pafunika kuswa kuchokera pamwamba," anatero atapeza mawu. "Pafunika makina ndi anthu khumi."

"Ndiye mukanena, ife tigona kuti?"

A Gervazio anapukuta magazi a paphewa paja.

"Bambo a Ethel, ndikufunsa inu. Ethel ali ndi ana anayi m'chipinda chimodzi ku Nkolokosa, sangatisunge. Kumudzi kanyumba kathu kali m'dambo, mukudziwa zimene Shire amachita akakwiya. Khalani chete. Madzi akalowa m'mashopu, anthu adzati ndi mvula ya chaka chino. Ndani adzaloze inu? Mwina ndi pamene adzakufuneni kwambiri."

Mawuwo anali oona, n'chifukwa chake anapweteka. A Gervazio anabwezera chivindikiro, kuyala mkeka, kukankhira bedi pamalo pake.

Sabata imeneyo kunatentha moti agalu a pamsika analeka kuuwa. Masana alionse mitambo inkaunjikana pamwamba pa phiri la Mpingwe, yakuda kunsi, n'kumabalalika madzulo osagwetsa kanthu. Anthu ankayenda akuyang'ana kumwamba. A Gervazio anayamba kupeza zifukwa zolowera m'malo a khofi aja, ati kukaona ngati misomali ikugwira. Ankaima patsogolo pa chithunzi, hamala ili m'manja, atsikana operekera khofi n'kumawalambalala.

Pang'ono ndi pang'ono anayamba kuona zimene sanazione poyamba. M'mbali mwa dziwe wojambula uja anaikamo mabango, mwina pongokongoletsa, timizere tobiriwira pafupi penipeni ndi bondo la munthu wogwadayo. Kutali kumbuyo kwa anthu a mikondo, pamene mtambo unakumana ndi nthaka, kunali timakumbi tinayi ndi tiazimayi tosenza mitsuko, tating'ono ngati njere za mpunga. Tsiku lachitatu anagwira mfundo yake. Anthu otumidwa ndi mfumu sabwerera chimanjamanja. Mikondo ikalephera pa munthu mmodzi, imakafuna amene anamupatsa madzi akumwa ndi pogona, ndipo amenewo chitsulo chimawalowa. Anatuluka osayang'ananso m'mbuyo, n'kukakhala pakhonde nkhope itagwa, mpaka Che Alidi anafunsa ngati kumudzi kwagwa zovuta.

Lachinayi masana kunagwa chizimalupsa, kamvula koyamba kongozimitsa fumbi, kosakwana n'komwe theka la ola. Kale bwalo la dothi linkamwa madzi ambiri lokha. Tsopano simenti inawatenga onse, a padenga ndi a pabwalo, n'kuwathira pa sefa ija nthawi imodzi. A Gervazio anathamangira kuchipinda. Pansi pa bedi chivindikiro chinkagogoda, gu, gu, madzi akuchitukula n'kuchisiya, ndipo mkeka unali utayamba kuda m'mbali.

Anazungulira kutsogolo. Kunsi kwa khonde la matelala kuli chipinda chotsikira masitepe asanu, cha chitseko chimodzi chotsegukira mkati. Usiku matelala amasungamo makina ndi nsalu za makasitomala, koma masana mumakhala amayi awiri osoka mayunifolomu a sukulu, ana awo atawagoneka pa milu ya nsalu. A Gervazio anatsika masitepe aja n'kuyang'ana khoma lakumbuyo. Linali kutuluka thukuta. Pakati pa njerwa ziwiri pankatsika kamzere ka madzi akuda, kakuyenda pansi mwakachetechete, ndipo patsogolo pake, mtunda wa phazi limodzi, panagona khanda litaponya manja m'mwamba. Mayi ake anali kalikiliki ndi makina, sanaone kanthu.

Madzi saiwala khwawa, ndipo amenewa anali atayamba kale kufunafuna lawo. Imeneyi inali mvula yamasewera. Ya Novembala imagwa tsiku lonse, nthawi zina masiku atatu. A Gervazio ananyamula khandalo n'kulipereka kwa mayi ake, nati pansi pazizira. Mayiyo anathokoza osadziwa chimene akuthokozera.

Lachisanu m'mawa anavala jekete lawo la ku Misa. A Jenifer anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwaganiza?"

"Ndaganiza."

"Chabwino. Bedi mukoke nokha, ine sindigwirako."

Anatenga mbaula yawo n'kupita kugeti. A Gervazio anakwera kuofesi, akupuma kawiri panjira, n'kupempha Tionge ndi Kingsford kuti awatsatire. Tionge anali asanalowemo m'kachipindako chikulireni, ndipo anaima pakhomo mwamanyazi, akuyang'ana kalendala ya tchalitchi, masutikesi awiri pamwamba pa kabati ndi chithunzi cha ukwati wa Ethel. A Gervazio anakoka bedi okha. Anapinda mkeka wonyowa uja, kulowetsa mgwala, n'kutukula chivindikiro. Fungo linadzaza chipinda chonse.

Kingsford anagwada, kuunika ndi foni, n'kuimba likhweru.

"Madala, mwakhala mukugona pamwamba pa chinthu ichi? Zaka zingati?"

"Sate wani."

Anamufotokozera zonse, osasiyako ngakhale theka: kumene ngalande imachokera, kumene imakhota, pamene yagwa, ndi khoma la chipinda cha osoka mayunifolomu. Mnyamatayo ankalemba mofulumira, nkhope ikuwala ngati munthu amene wapeza mbuzi yake yosowa. Analibe mtima woipa, ankangoikonda ntchito yake.

"Sisi, apa nde palibe zokambirana," anatero akudzuka. "Chipindachi chichoke sabata yamawa, makina okumba alowera pompano. Amayi a kunsi aja atuluke lero lomwe. Tikamaliza tiika kalavati wamkulu, sipadzafunikanso munthu wolowamo."

Tionge misozi inalengeza. "Ankolo, bwanji simunanene kale?"

"Bambo anu anati ndisauze munthu."

"Nanga lero?"

"Lero ndakuuzani, mayi."

Mwanayo anayesetsa, tisamunamizire. Anayenda nyumba yonse kufuna pena poti nkhalamba ziwiri zingagone, koma paliponse panali pa lendi. Za mapaipi ndi magetsi anali atagwirizana kale ndi kampani ina, poti zonse tsopano zinali pa pepala. Pomaliza ananena, maso ali pansi, kuti awapezera lole yowaperekeza kumudzi ndi katundu wawo yense, ndiponso kuti sadzawaiwala. A Gervazio anawomba m'manja pang'onopang'ono n'kuthokoza m'Chisena chakwawo, "Takhuta, mayi." Mtima wawo unali kuwawa kwambiri, ndipo choipa n'chakuti panalibe womukwiyira.

Che Alidi anamva nkhaniyi kwa amayi aja pamene ankatulutsa makina awo m'chipinda chakunsi. Anatsika okha masitepe asanu aja, kukagwira khoma lonyowalo, n'kubwerera pakhonde. A Gervazio atadutsa, anawakodola.

"Kani wopusa uja ndinu, achimwene," anatero. Anawagwira dzanja nthawi yaitali osalisiya, makina ataima, kasitomala akudikira.

Tsiku loti mawa lake anyamuka, Tionge anawaitana m'malo a khofi. Anati akufuna awajambule mawu pa foni, afotokozenso nkhani ya Mbona monga anaifotokozera tsiku lija, kuti ailembe pa kapepala koika pansi pa chithunzi, alendo aziwerenga okha. A Gervazio anaima chilili n'kufotokoza zonse, za nsalu yakuda, za mikondo yopindika, za tsamba la bango. Kuseri makina anali atayamba kale kuswa simenti, ndipo chithunzi chinkanjenjemera pa misomali yake.

"Funso lija simunandiyankhe," anatero Tionge foni ili m'mwamba. "Anawauziranji?"

"Sindikudziwa, mayi," anayankha. "Mwina chifukwa panalibe wina amene ankadziwa."

Ananyamuka Lachitatu m'mawa pa lole ya a Wahab, dalaivala wachikulire wonyamula katundu wa m'mashopu a ku Limbe kupita ku Bangula. Katundu wa zaka makumi atatu ndi chimodzi anangotenga kona imodzi, pambali pa makatoni a sopo. Ethel anawadikirira pamsewu ndi ana ake, anatsanzikana pa zenera lole isanazime n'komwe. Kenako anadutsa m'tauni, kupyola nyumba zomalizira, n'kuyamba kutsika mapiri a ku Chikwawa, msewu ukukhotakhota. Kunsi kwawo chigwa chonse chinali mbuu ndi kutentha, ndipo pakati pake Shire ankang'anima, wochepa, wofatsa ngati sanaphepo munthu.

A Wahab anasuzumira pa galasi. Kumbuyo, kumene anachokera, thambo lonse linali bii kuyambira ku Soche mpaka ku Ndirande, ndipo kunamveka kugunda kwakutali, kolemera, kosatha msanga.

"Kumtunda yayamba," anatero. "Imeneyo si yamasewera."

A Jenifer anakhala pakati pa amuna awiriwo, chitenje atafunda kumutu. Chiyambire Lachisanu lija anali asanalankhule ndi amuna awo mawu opitirira atatu. Anayang'ana chigwa chija kwa kanthawi, kenako anafunsa osatembenuka.

"Ngalande ija atsegula?"

"Anatsegula dzulo," anatero a Gervazio. "Madzi adutsa bwinobwino."

"Ndiye madziwo atipeza kumudzi."

A Wahab anasintha giya, lole n'kupitiriza kutsika.